Mapushapu Makumi Awiri pa Sipuni Imodzi

Ine ntchito yanga ndi yokalipira anthu. Ndimawakalipira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iwo n'kumathokoza. Ndimaphunzitsa anthu kunyamula zitsulo mu jimu ina ya pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo aliyense amangonditchula kuti Kochi, ngakhale apongozi anga enieni. Munthu akati watopa, ine ndimati, "Watopa ndani? Onjezera ziwiri!" Kwa zaka khumi ndi zinayi chiphunzitso changa chinali chimodzi, chakuti thupi likagona limawola, likadzuka limalimba. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa chitsiru chimene chinatsala pang'ono kupha mwana wake.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Timamutcha Kachiwala chifukwa sayenda, amadumpha. Kuchoka pakhomo kupita pampopi ndi kudumpha, kupita kukagona ndi kudumpha. Ndiye Lachiwiri lina atakhala pansi n'kukankha mbale, akuti pakhosi pakuwawa, tinangoti ndi chimfine. Pofika Lachinayi khosi linali litatupa mpaka chibwano osaoneka, mawu atasasa, ndipo akamapuma ankamveka ngati chitseko cha dzimbiri. Mayi ake anamuyasamulitsa n'kuwunika ndi foni. Kukhosi kunali kutamata chinthu chotuwa, chokhuthala. Tinasiya zonse n'kuthamangira kuchipatala.

Adokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, wosakweza mawu. Anangosuzumira kukhosiko kamodzi n'kuitanitsa khadi la katemera. Mabokosi awiri anali opanda kanthu. Katemera ameneyo anali wa chaka chimene tinasamuka nyumba: ine ndinkayesa kuti mayi ake anapita naye kukabayitsa, iwo ankayesa kuti ndinapita naye ndine. Adokotala sanatikalipire, koma bola akanatikalipira.

"Nthendayi ndi difiteriya," anatero. "Tizilombo take timakhala pakhosi, koma timatulutsa poizoni amene amayenda m'magazi. Timubaya jakisoni wosukulutsa poizoniyo pompano, ndiponso mankhwala ophera tizilomboto."

Anamugoneka m'chipinda chapadera cha mabedi anayi, momwe munali kale ana ena awiri a nthenda yomweyo ndi amayi awo. Mkazi wanga anali ndi khanda la miyezi itatu kumsana, choncho anamuletsa kulowa. Tonse a m'nyumba anatibaya katemera n'kutipatsa mapiritsi, ndipo wodikirira wodwala ndinakhala ine, mwamuna wa mapewa ngati wadiropu, pakampando ka pulasitiki, kansalu kotseka pakamwa kali ndii.

Mwini chipindacho anali nesi wina wamkulu amene sankatha chiganizo popanda kunena kuti "ndanena". Tinangomutcha Sisita Ndanena. "Sambani m'manja, ndanena. Nsapato pakhomo, ndanena." Ine ndi iwo tinadana tsiku loyamba lomwe, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Patapita masiku atatu chotupa chinayamba kuphwa. Adokotala anabwera ndi kabotolo kabulauni n'kundiitanira pambali.

"Bambo, pakhosi pachira msanga. Chimene ndikuopa ine ndi mtima. Poizoni amene anali atalowa kale jakisoni asanafike amakakhala m'mnofu wa mtima, ndipo amadzaonekera sabata yachiwiri, mwana akuoneka ngati wachira. Agone basi. Asadzuke, ngakhale kupita kuchimbudzi. Ndipo azimwa madzi awa katatu pa tsiku."

Ndinawerenga dzina la pabotolo, n'kutsala pang'ono kuseka. Kanitini! Zinthu zimenezi ndimazidziwa ine. Kujimu kwathu zadzaza pashelefu ya kuseri kwa kauntala, ndipo amazikonda ndi azibambo a mimba zikuluzikulu ofuna kuphwetsa mimba popanda kutuluka thukuta. Ndakhala ndikuwauza zaka zonsezi kuti mimba imachoka ndi thukuta, osati ndi botolo. Ndiye lero chipatala chathunthu chikupatsa mwana wanga zoseweretsa za alesi? Sindinafunse kanthu. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva, mumtima ndikuti awa angofuna kuoneka ngati akuchitapo kanthu. Paja safunsa anadya phula.

Kachiwala anawada madziwo kuchokera pa dontho loyamba. "Akuwawasa, Adadi! Akununkha nsomba!" Pakhosi panali padakali zilonda, ndiye akameza misozi inkachita kulengeza. Sisita Ndanena anali ndi zipinda zitatu zoti aziyang'anira, choncho ankayeza mlingo wake pasipuni n'kundisiyira kuti ndimumwetse. Tsiku loyamba ndinamukakamiza, analira mpaka kutsamwa. Tsiku lachiwiri ndinayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana mwana, kenako sipuni ija n'kuikhuthulira m'kamwa mwanga, kwi! Ndinamutsinzinira diso. Anaseka koyamba chilowereni m'chipatala, ndipo ine ndinadziona ngati bambo wabwino kuposa onse. Ndinamwa mankhwala a mwana wanga masiku asanu, katatu pa tsiku, ndipo Sisita akafunsa kuti wamwa, ndinkati wamwa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Kachiwala anadzuka ali gwa. Anamaliza mbale yonse ya phala, anayimba, anayamba kumenya bulangete ndi zidendene. Koma nditamugwira katumba wa mwendo ndinamva chisoni. Anali wofewa, wolendewera, miyendo ija ya chiwala itasanduka tindodo. Kochi wa mwa ine anadzuka. Cha m'ma teni koloko Sisita atapita kukatenga mankhwala, ndinafunyulula bulangete.

"Tiye, mtsikana wanga. Kuchoka pabedi kukafika pazenera, masitepe khumi okha."

Mayi wa pabedi loyandikana nafe, amene ankadwazika mwana wake wamwamuna, anandiyang'ana. "A Kochi, paja anati asadzuke."

"Mayi, za thupi ndisiyireni ine. Ndi ntchito yanga."

Anapita pazenera n'kubwera, akuseka. Anapitanso n'kubwera. Ndinawomba m'manja. "Waona? Onjezera ulendo umodzi!" Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri m'moyo mwanga, koma a tsiku limenelo ndidzafa nawo. Ali pakati pa chipinda anaima. Milomo inatuwa. Anati, "Adadi, kwada," kenako anasanza n'kupindika mawondo. Ndinamuwakha asanafike pansi.

Kugunda kwa mtima ndimakudziwa, ndimagwira anthu pamkono tsiku ndi tsiku. Ndinaika zala pakhosi pake. Unkagunda pang'onopang'ono, n'kuima, n'kudikira ngati waiwala, n'kugundanso. Ndinakuwa mokweza mmene sindinakuwirepo kujimu.

Anabwera akuthamanga, Sisita patsogolo, adokotala pambuyo. Anamugoneka, anamuika kapaipi ka mpweya m'mphuno, n'kumumata timawaya pachifuwa. Makina oyeza mtima anayamba kulavula kapepala ka mizere yokhotakhota. Adokotala anakayang'ana nthawi yaitali.

"Anadzuka mwanayu?"

"Ndinamudzutsa ndine."

Sanatukule mutu. "Nanga madzi aja akumwa bwinobwino?"

Sisita anatsegula faelo. "Akumwa, Dokotala. Ndachonga ponseponse."

Ndikanatha kukhala chete. Kachiwala anali atatsinzina, sakananena kanthu. Koma madzi anali atafika m'khosi.

"Sanamwe," ndinatero. "Ndimamwa ndine."

Sisita anatseka faelo pang'onopang'ono. "Inu? Bambo wamkulu, ndevu pepeya, kumwa mankhwala a mwana? Ine n'kumachonga bodza? Mulungu wanga, ndaonapo zambiri m'chipatala muno, koma izi ndiye ayi!" Anaiwala ngakhale kunena kuti ndanena.

"Ndinkayesa ndi za kujimu," ndinatero. "Zophwetsera mimba."

Adokotala anavula magalasi. "Bambo, mnofu wa mtima umadalira kwambiri mafuta kuti upeze mphamvu, ndipo kanitini ndi amene amanyamula mafutawo kuwalowetsa m'kati. Nthenda iyi imamuchepetsa. Sindikukuuzani kuti ndi matsenga, ayi. Mankhwala aakulu ndi jakisoni uja ndi kugona. Koma alipo amene anayesa pa ana odwala ngati uyu n'kuona kuti mitima ya ambiri inapirira bwinoko, ndiye ine chilichonse chimene chingathandize sindichisiya. Mwina akanamwa zikanachitikabe, sindingadziwe. Koma tandiuzani, poti inu minofu mumaidziwa. Munthu akang'amba mnofu wa mkono, mumamunyamulitsa chitsulo?"

"Ayi. Amapumitsa mkonowo."

"Mtima wa mwana wanu ndi mnofu wovulala umene sungaime kuti upume. Chokhacho chimene tingachite ndi kuuchepetsera ntchito. Inu mwauwonjezera."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chikwapu. Zinali za m'ntchito yanga yomwe, zimene ndimauza anthu sabata iliyonse, koma sindinaziganize n'komwe.

Masana mkazi wanga anabwera pazenera, monga ankachitira tsiku lililonse, khanda lili kumsana. Tinkalankhulana pafoni tikuyang'anizana, galasi lili pakati. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu. Sanalire ndipo sanatukwane. Anayang'ana mwana wake ali ndi timawaya, kenako anayang'ana ine.

"Bambo a Kachiwala, ine ndinakupatsani mwana wamoyo. Wamoyo yemweyo ndikumufuna."

Anadula foni.

Masiku atatu otsatira sindikufuna kuwafotokoza kwambiri. Mwana ankangogona, mapazi atatupa, wosafuna kulankhula. Sisita ankamumwetsa okha madzi aja pang'onopang'ono, ine osandipatsa ngakhale sipuni yoti nditsuke. Adokotala ankabwera kawiri pa tsiku, kuyang'ana kapepala n'kungoti, "Tidikire." Ndinali ndi mantha, ndikuuzeni zoona. Ine amene ndimanyamula zitsulo zolemera kuposa munthu ndinkachita kunjenjemera ndikamva makina aja akulira.

Tsiku lachinayi mphamvu zinayamba kubwerera, ndipo pamodzi ndi mphamvuzo anabwerera makani. Sisita atafika ndi sipuni, Kachiwala anatseka pakamwa kuti ndii n'kutembenukira kukhoma.

"Apatseni Adadi. Paja amamwa ndi iwo."

Sisita anandiyang'ana ndi diso loti mwaona zimene mwaphunzitsa mwana. Kumukakamiza sikukanatheka, chifukwa kulira ndi kulimbana zikanatopetsa mtima womwewo. Ndinagwada pambali pa bedi.

"Mayi wanga, imwa. Ndinalakwa ndine. Imwa, ndapota nawe."

"Inu mumangolamula anthu," anatero, mawu ali pansipansi. "Nanga inuyo amakulamulani ndani?"

Sindikudziwa kumene nzeru inachokera. Mwina Mulungu amamvera chisoni ngakhale zitsiru.

"Iweyo," ndinatero. "Kuyambira lero Kochi ndiwe. Ukameza sipuni imodzi, ine ndichita mapushapu makumi awiri, ndipo uziwerenga ndiwe. Koma pali lamulo. Kochi weniweni sadzuka. Amalamula ali chigonere."

Anatembenuka pang'onopang'ono, diso limodzi lili pa ine. "Makumi awiri? Pansi pomwepa?"

"Pansi pomwepa."

Anayasamula. Anameza, nkhope yonse itakwinyika, kenako anatukula kachala. "Pansi!"

Ndinagwa pansi pakati pa mabedi, zikhatho pasimenti. Sisita anayamba kuti, "Muno si mu jimu, nda..." koma anayang'ana sipuni yopanda kanthu ili m'dzanja lawo n'kumeza mawu otsalawo. Anatuluka, n'kubwera ndi bulangete lakale. "Yalani apa. Mukatha musambe m'manja, ndanena."

Abale inu, sindinadziwe kuti ndinabereka munthu wankhanza chonchi. Kuwerenga kwake kunali kwachinyengo chokhachokha. "Fifitini. Fifitini. Fifitini." Ndikadandaula ankati, "Chifuwa sichinagunde pansi, bwerezani!" Ndikati ndatopa, ankandibwezera mawu anga omwe, ndi kamawu kake kosasa: "Watopa ndani?" Tinawonjezera lamulo lina. Akagona ola lathunthu osayesa kukhala tsonga, ine ndinkayedzamira khoma mawondo atapindika, ngati ndakhala pampando umene palibe, mpaka iye atanena kuti basi. Mwana amene sankatha kukhala pansi ngakhale nthawi yoti umuveke nsapato anayamba kugona phee, maso ali pawotchi ya pakhoma, kudikira kuti akhaulitse bambo ake.

Sipanathe masiku awiri, mwana wa mayi uja amene anandichenjeza anakana mapiritsi ake. Akuti nayenso akufuna mapushapu. Kamtsikana ka pabedi la pakona nako kanatero. Ndinayang'ana mayi uja, manyazi atandigwira chifukwa cha mmene ndinamuyankhira tsiku lija. Anangoseka. "A Kochi, paja za thupi tinakusiyirani inu. Gwani pansi."

Ana atatu, aliyense ndi mankhwala ake, katatu kapena kanayi pa tsiku. Werengani nokha. Sisita Ndanena anasandutsa ine chida chawo. Ankalowa ndi thireyi n'kulengeza kuti, "Amene sameza, a Kochi apumula, ndanena!" Ndiye timilomo tonse titatu tinkayasama nthawi imodzi. Pofika sabata yachitatu manja anga ankanjenjemera moti kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri. Oyeretsa m'chipatala ankaima pakhomo ndi zokolopera zawo kuonerera. Ngakhale mkazi wanga pazenera paja, tsiku lina ndinamuona akubisa kumwetulira ndi nsonga ya nsalu.

Anzanga a kujimu atamva kuti mwana akumwa kanitini, anabwera anayi, zifuwa zili patsogolo, atanyamula chigubu chachikulu cha ufa wa pashelefu paja. Sisita anawaimitsa pakhomo n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake. "Izi n'zosakaniza ndi zothamangitsa mtima. Mukufuna mutimalizire mwana? Bwererani nazo, ndanena!" Anabwerera ali ndwii, ngati ana a sukulu. Ine sindinawateteze, pakuti ndinali nditaphunzira kuti mlingo wa mwana amayeza ndi adokotala.

Panabweranso china chimene chinatiopsa. Sabata yachinayi madzi akumwa anayamba kutulukira m'mphuno, ndipo mawu ake ankamveka ngati akulankhulira m'chitini. Adokotala anati ndi poizoni yemwe uja wakhudza mitsempha ya kukhosi, ndipo zidzatha zokha, bola tizimudyetsa zolimbako, pang'onopang'ono, mutu utatsamira pamapilo. Ndinkamudyetsa theka la sipuni, kudikira, theka linanso. Mbale imodzi inkatenga ola. Ine amene ndimadya chiimire ndinaphunzira kudikira, ndipo sipanatayike dontho limodzi la kanitini. Zinathadi zokha, monga ananenera.

Nthawi imeneyo adokotala anali atayeza kukhosi kwa Kachiwala kawiri n'kupeza kuti tizilombo tatha, choncho mkazi wanga analoledwa kulowa, khanda atalisiya ndi mchemwali wake. Ana awiri aja anatulutsidwa. Tinatsala ife, chifukwa kapepala ka mtima kanali kasanakhale bwino. Nthawi zonse yankho linali lomwe lija, tidikire.

Lolemba la sabata yachisanu ndi chimodzi, m'mawa, adokotala anabwera ndi makina aja. Anamata timawaya, kapepala kanatuluka. Anakayang'ana, n'kutulutsa m'faelo kapepala ka tsiku lija ndinamuyendetsa, n'kutiyika pamodzi pabedi. Anatenga cholembera n'kumayeza timipata ta pakati pa mizere. Mkazi wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Adokotala sananene kuti tidikire. Anavula chida chawo cha m'makutu chomvetsera mtima, nachipukuta, n'kundipatsa.

"Valani, bambo."

"Ine?"

"Tsiku lija mtimawu munaumva ndi zala. Lero muumve ndi makutu."

Ndinavala. Anatenga mbali inayo n'kuiika pachifuwa pa Kachiwala, pansi pa bele lakumanzere. Poyamba ndinangomva phokoso la nsalu. Kenako unabwera. Du-du, du-du, du-du. Wamphamvu, wolongosoka, wosadumpha ngakhale kamodzi. Ndinadikira kuti uime monga unachitira tsiku lija. Sunaime.

"Ukugunda!" ndinatero. "Mayi a Kachiwala, ukugunda! Sukuphonya! Sisita, bwerani mudzamve, sukuphonya!"

Makutu anali otseka, ndiye sindinadziwe kuti ndikukuwa. Akuti anandimva mpaka kumalo olandirira mankhwala. Oyeretsa anathamangira pakhomo, akuyesa kwagwa zovuta, n'kupeza chimunthu chonse chagwada pambali pa bedi, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Sisita Ndanena anatsegula pakamwa kuti andikalipire, koma anatembenuka n'kuyamba kukonza pilo wa bedi lopanda munthu, akupukuta m'maso ndi mkono.

"Mtima wabwerera m'malo mwake," adokotala anatero. "Lero akhale tsonga. Mawa aime. Mkuja masitepe asanu, ndipo owerenga ndikhala ine. Zikapitirira chonchi, Lachisanu mukupita kwanu. Kudumpha adikire kaye mpaka ndidzamuonenso."

"Adadi, mukulira?" anafunsa Kachiwala.

"Eya, ndikulira, mwana wanga. Ndasangalala."

Mkazi wanga anandigwira paphewa. Chiyambire tsiku lija la pazenera anali asanandikhudze mwachifundo chotero.

"Mwamva mokwanira, bambo. Bweretsani kuno, nanenso ndimve mwana wanga."

Ndinamuveka ndekha m'makutu. Anawerama, n'kutsinzina, dzanja lina lili pamutu pa mwana. Anamvetsera, n'kumvetserabe. Panja pa chitseko panali mzere wa odwala akudikira adokotala, koma iwo anangopinda manja n'kutsamira khoma, osaitanitsa chida chawo.